Tsamba la Mkazi wa Malemu

Kuno ku Saltpond mutha kuikidwa m'bokosi la matabwa otsala pomanga khola, anthu angotsokomola n'kuiwala. Koma muikidwe popanda kabuku ka maliro, ana anu adzayendera njira ya kuseri kwa msika mpaka ukalamba. Kabuku kamafunika chithunzi pachikuto, chija munajambulitsa mano onse akadalipo, kenako mbiri yanu, nyimbo, ndiye masamba a olira: la ana, la adzukulu, la mpingo, la mkazi wa malemu. Zonsezo m'Chizungu. Kulira timalira m'Chifante chathu, koma cholembedwa chimayenera kuvala nsapato.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amene ankaveka misozi yathu nsapatozo anali Maame Araba Essilfie. Okala yake ya matabwa inali moyang'anana ndi positi ofesi, ndipo tebulo langa la kenke, nsima yathu yowawasa ija, ndi nsomba zokazinga linatsamira khoma lake zaka zonsezo. Matabwa ake anali ndi ming'alu. Sindinaiboole ndine.

Munthu akabwera ndi maso ofiira, Araba ankamufunsa zinthu zitatu: dzina la malemu, mpingo wake, ndi chimene chamutenga. Basi. Kenako zala pa makina otayipira, phokoso ngati mvula pa malata. Aliyense wamwamuna ankatuluka ali mkungudza waukulu umene wagwa m'nkhalango. Aliyense wamkazi anali duwa lothyoledwa lisanafote, ngakhale gogo wa zaka makumi asanu ndi anayi amene anayamba kufota ife tisanabadwe. Imvi zonse zinali zoyera ngati chipale chofewa cha ku Ulaya, chimene Araba sanachionepo, malemu sanachionepo, ndipo owerenga ankaganiza kuti mwina ndi mtundu wa ufa. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma khutu langa linapitiriza pa ming'alu ija, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Wakuba mbuzi wina wa ku Ankaful anaikidwa ali nsanamira ya chilungamo. Eni mbuzi anabwera kumaliro, anawerenga, nalira nawo.

Osaphunzira ankalowera pakhomo. Ophunzira, manesi ndi akazi a maloya, ankabwera Lachiwiri masana, tsiku limene asodzi sapita panyanja ndipo msewu umagona, atafunda mpango ngati akupita kwa sing'anga. Ankafuna kuti anthu aziti alemba okha.

Chizungu chimenechi Araba anachitenga kwa a Masitala Ghartey, pa sukulu ya mishoni imene tonse tinakwapulidwirako. A Masitala anali ndi chigoba cha nkhono chomangidwa pa chingwe. Ukagwidwa ukulankhula Chifante, unkachivala m'khosi mpaka utagwira mnzako, ndipo womaliza nacho madzulo ankadya ndodo. Ine chigobacho chinali ngati mkanda wanga wobadwa nawo. Araba anachivala kamodzi kokha, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa chotukwana galu. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuloweza dikishonale monga ena amalowezera masalimo. A Masitala ankamuimika kutsogolo kuti tione mmene mwana wa msodzi angasandukire munthu.

Koma panali chimene chinkamudya. Chaka china nyuzipepala ina ya ku Accra inaitanitsa nkhani zopeka, ndipo Araba anatumiza yake, masamba khumi ndi awiri otayipidwa bwino. Inabwerera patatha miyezi itatu. Wa positi anasiya envulopu pa tebulo langa chifukwa Araba anali atapita kuchimbudzi, ndipo nthunzi ya kenke, monga mukudziwa, imamatula guluu. Mkonzi anali atalemba pamwamba ndi inki yofiira kuti: Amayi, Chizungu chanu chilibe banga. Koma ndayenda masamba onsewa, inuyo sindinakumane nanu. Ndakumana ndi azungu amene anafa kalekale.

Araba anawerenga ataimirira, napinda pepalalo, nandigula nsomba imodzi imene sanaidye.

Kuyambira pamenepo, makasitomala akachepa, ankatulutsa kope la ana asukulu n'kumalemba ndi dzanja. Akalemba tsamba, kung'amba. Mapepalawo ankandiponyera pawindo kuti ndizikulungira nsomba, ndipo nsomba zanga zinadya mabuku osachepera atatu.

"Ukufunanso chiyani, mayi iwe?" ndinamufunsa tsiku lina. "Tauni yonse imalira ndi pakamwa pako."

"Si panga," anatero. "Ndikagwira cholembera, amene amayamba kulankhula ndi a Masitala. Ndikawathamangitsa, pabwera abusa. Ndikathamangitsa abusa, pabwera wowerenga nkhani pa wailesi. Ndikathamangitsa onsewo, pepala lingondiyang'ana."

"Ndiye lemba m'Chifante."

"Awerenge ndani, iwe? Dzina lako lomwe umalemba ngati nkhanu yaledzera."

Mkaziyo anali wotero. M'Chifante Araba anali tsabola wosapitidwa madzi: kondakitala wina anamutukwanapo kamodzi, mpaka lero amatsitsira anthu kutsidya la msewu. Koma akangolowa m'Chizungu, ankasanduka madzi otsukira mpunga.

Mwamuna wake, Egya Ato, ankakonza mainjini a mabwato kugombe. Munthu wamfupi, wakhosi ngati mtondo, wosalankhula. Pa zaka zonse zimene ndinamudziwa anandiuzapo mawu anayi: tsabola wachuluka, ndi tsabola wachepa. Anagwa Lachinayi lina dzuwa lili pamutu, chipanera chili m'manja, ndipo pofika naye kuchipatala anali atapita kale.

Tsono kwathu kuno mwamuna ukhoza kumuphikira zaka makumi atatu, kumuchapira, kumumvera mkonono, koma akangozizira si wakonso. Mtembo ndi wa akuchikazi kwa amayi ake. Iwo ndiwo amanena tsiku, bokosi, nsalu yovala olira, ngakhale nyimbo. Mkazi amamutenga n'kukamukhazika pa mphasa m'nyumba ya apongozi, atavala zakuda, osagwira ntchito, osapereka dzanja kwa munthu. Pa maliro onsewo chake n'chimodzi: tsamba lija m'kabuku.

Egya Ato anakhala mufiriji milungu isanu ndi inayi kudikira mlongo wake, Madamu Ewurabena, amene amasamala nkhalamba ku London koma kuno amayenda ngati mwini chipatala cha kumeneko. Ndipo wamkulu wa mbumba yawo, wokhala pampando pa zokambirana zonse, anali a Masitala Ghartey omwe aja, atakalamba, atagontha khutu limodzi, cholembera chofiira chikadali m'thumba la malaya.

Ine ndinkamupititsira Araba chakudya masana. Mlungu woyamba ndinamupeza akuseka yekha pa mphasa, kope lili pamiyendo.

"Ukuseka pa maliro a mwamuna wako? Alamu ako akumva."

"Taona chimene dzanja langa lalemba lokha. Mkungudza waukulu wagwa. Mkungudza wanji wondifika m'khwapa?"

Anang'amba. Mlungu wachiwiri anang'ambanso. Mlungu wachisanu ndi chiwiri, Madamu atafika kale, ndikulowa pabwalo, ndinamva akukalipa m'chipindamo, ndipo ndinaganiza kuti wagwirana ndi wina wa kuchimuna. Ndinasuzumira. Anali yekha. Ankamukalipira malemuyo monga ankachitira tsiku lililonse akabwera ndi malaya onunkha petulo, pakamwa pakuthamanga m'Chifante, dzanja likutsatira pambuyo m'Chizungu. Akanena chiganizo, kulemba. Akaona kuti dzanja layamba kupita kwa a Masitala, ankabwereza kukalipa mpaka dzanja libwerere.

Patatha masiku anayi anandikhazika pansi. "Tseka chitseko. Ndipo tseka ichonso," analoza pakamwa panga.

Anawerenga. Sindinagwire zonse, koma zimene ndinagwira ndi izi, monga ndingazinenere:

"Egya Ato, munandigwira koyamba ndi manja a girisi, ndipo nsalu yanga yoyera ija ili ndi zala zanu zisanu mpaka lero. Sindinaichape. Poyamba chinali chifukwa cha mkwiyo. Simunali munthu wolankhula. Injini ikatsokomola kamodzi munkadziwa chimene chikuiwawa. Ine ndinatsokomola zaka makumi atatu. Mwana wa ku Takoradi uja munabwera naye Loweruka, munamuimika pakhomo ngati thumba la simenti, n'kupita kugombe. Ndinamusambitsa. Ali ndi makutu anu, tsoka lake. Chaka chimene miyendo yanga inatupa, munkatenthetsa madzi m'mawa uliwonse, n'kuika beseni pafupi ndi bedi, n'kutuluka osandipatsa moni. Sindikudziwa ngati chimenecho ndicho chikondi. Amene amadziwa sananditenthetserepo madzi. Mwagwera pa injini ya eni ake musanaimalize. Mwini wake wabwera kawiri. Ndamuuza kuti inenso mwandisiya chomwecho, zitsulo zili mbwee."

Chinali Chizungu, ndikulumbira. Panalibe liwu limodzi la Chifante. Koma kwa nthawi yoyamba sindinafunse kuti liwu ilo likutanthauza chiyani. Chinkayenda ngati Araba akubwera kuchokera kumsika, phazi lamanzere likukoka pang'ono.

"Ndamupeza," anatero.

"Ndani?"

"Mayi uja amene mkonzi wa ku Accra ankamufuna."

Popeza iye sakanatuluka, anandipatsa pepalalo kuti ndikapereke kwa wosindikiza, alilowetse m'kabuku a kuchimuna asanatsegule maso. Njira ya kwa wosindikiza imadutsa pa saluni ya Ekuwa Badu. Sindinapange ndine mapu a tauni ino. Ndinangowerengera anthu awiri, chifukwa chinthu chokoma chotero sungachinyamule chamumtima. Chabwino, anali asanu. Mmodzi analira mpaka mafuta a m'tsitsi kulowa m'maso. Wina, amene mutu wake unali m'chowumitsira ndipo ndinkayesa sakumva, anali msuweni wa Madamu Ewurabena.

Dzuwa lisanapendeke, pepala linali litalandidwa kwa wosindikiza, ndipo Araba anaitanidwa pabwalo.

Anamukhazika pa kampando kafupi pakati. Madamu Ewurabena anaimirira, pepala m'dzanja limodzi, chokupizira mphepo m'dzanja lina.

"Alamu, ndikufunseni. Mchimwene wanga anakulakwirani chiyani?"

"Zalembedwamo," anatero Araba.

Ena anaseka, n'kusandutsa chifuwa.

"Ndaitana anzanga asanu ndi mmodzi kuchokera ku London. Akwere ndege kudzamva za beseni? Za mwana wa kutchire? Mwagawira tauni yonse mikungudza, ngakhale akuba, zidakwa, ndi aja ankamenya akazi awo. Wanga yekha mwamupatsa girisi ndi makutu!"

"Mikungudza ija sindinkaidziwa, alamu. Uyu ndinkamudziwa."

"A Masitala, lankhulani ndinu. Mwina ine Chizungu ndaiwala."

A Masitala anatenga pepalalo, natulutsa cholembera chofiira, nachivula chivindikiro. Anawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, cholembera chikuyendayenda m'mwamba ngati kabawi wosowa mwanapiye. Anabwereranso pamwamba. Kenako anachivindikira.

"Cholakwika choti ndichonge palibe," anatero. "Koma ichi si Chizungu. Ichi ndi Chifante chimene chaba jekete. Aliyense wogulitsa nsomba angachimve."

"Zikomo, a Masitala," ndinayankha ndili kumpanda. Anandiyang'ana ndi diso lija la kale, ndipo khosi langa linayabwa.

"Araba, mwana wanga," anapitiriza, "ndinakuumba ndi manja angawa. Unali woposa onse amene ndinaphunzitsa. Chachitika n'chiyani?"

"Munaiwala kundivula chigoba chija, a Masitala. Ndavula ndekha mlungu wathawu."

Nkhalambayo inatembenuzira kwa iye khutu logontha.

"Tsambali ndi langa," anatero Araba, mawu atatsika. "Tsiku mwasankha ndinu. Bokosi ndinu. Nsalu imene ndavalayi ndinu. Sindinatsutse kanthu. Ndisiyireni tsamba limodzi."

"Tsamba ndi lanu," anatero Madamu, "koma kabuku ndi kathu, ndipo ali mufirijiyo ndi wathu. Tikupatsani masiku atatu. Lembani monga mumalembera anthu."

Anamuponyera pepalalo pamiyendo.

Masiku atatu anatha, Araba sanalembe. Ine ndinapita ndi chakudya, chinabwerera chosavundukula. Tsiku lachitatu anandiuza mawu amodzi okha, ndipo sindingawalembe pano chifukwa akukhudza amayi anga.

A kuchimuna sanavutike. A Masitala ali ndi sutikesi yodzaza timabuku ta maliro onse amene anapitako chipumire ntchito, ndipo tina anatipatsa mamalikisi. Anasankhamo tsamba la mkazi wamasiye limene analipatsa apamwamba kuposa onse, la nesi wina wa ku Cape Coast amene anaika mwamuna wake zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Anafufuta dzina la mwamunayo, naikapo la Egya Ato. Pansi anaika la Araba. Kabuku katatuluka, anabwera nako okha pa mphasa paja.

"Werenga, uone mmene mkazi wophunzira amalirira mwamuna wake."

Araba anawerenga mzere woyamba, natseka maso, n'kunena wachiwiri ndi wachitatu pamtima. A Masitala anasangalala, poganiza kuti tsambalo n'lotchuka. Ine nesiyo ndikumukumbuka bwino. Anabwera Lachiwiri, atafunda mpango wobiriwira, ndipo anagula kenke awiri.

Loweruka m'mawa, bokosi lisanatsekedwe, ndi nthawi yopatsa malemu katundu wa paulendo. Mayi wolengeza amaima pafupi ndi mutu, n'kumakweza chinthu chilichonse kuti anthu aone: nsalu iyi yachokera kwa ana, sopo uyu kwa adzukulu, kampango aka kopukutira thukuta panjira kwa alongo ake. Chimene chaperekedwa kwa wakufa sichitsegulidwa ndipo sichibwezedwa. Ukachichotsa, mwini wake amabwera kudzachifunsa, ndipo ngakhale a ku London amadziwa zimenezo.

Itafika nthawi ya mkazi, Araba anapereka nsalu, mphete, ndi kanthu kopindidwa kanayi, komangidwa ndi ulusi wakuda.

Wolengeza anakatembenuza. "Nanga aka tinene kuti n'chiyani, Maame?"

"Nenani kuti kalata."

"Kalata yochokera kwa mkazi wake!" anafuula mayiyo, naiika pachifuwa cha Egya Ato, pansi pa manja.

Madamu Ewurabena anazindikira pepala la m'kope lija. Anatambasula dzanja, n'kulibweza lokha. Anawerama kukhutu kwa Araba, koma kunong'ona kwa Madamu kumamveka mpaka kumsewu.

"Mwapenga, alamu? Achimwene ankawerenga Chizungu?"

"Ayi," anatero Araba. "N'chifukwa chake sakachikonza."

Anakhoma bokosi.

Kutchalitchi tsamba la mkazi wa malemu linawerengedwa ndi mwana wa Madamu, mtsikana wolankhulira m'mphuno. Mkungudza unagwa. Chipale chofewa chinagwa pa mutu wa Egya Ato, amene anali ndi dazi loti ungadziyang'anirepo. Tinamva kuti madzulo aliwonse ankagwira dzanja la mkazi wake n'kumuwerengera mavesi. Asodzi amene anadzaza mabenchi a kumbuyo sanamve kanthu, koma anagwedeza mitu chifukwa mawu anali aataliatali. Anzake a Madamu analira mpaka kubwerekana timipango. Araba anakhala kutsogolo, kabuku kali chotseka pamiyendo, maso ali pa bokosi.

Choipitsitsa chinadza pambuyo. Pabwalo la maliro anthu anachita mzere kudzamupepesa, ndipo aliyense ankawerama n'kunena zofanana.

"Maame Araba, Chizungu chija! Mwaposa zonse zimene munalembapo."

"Zabwino munasungira wanu eti? Akadzapita athu mudzatilembere chomwecho."

Abusa anati adzasunga kabukuko. A Masitala anaima chapatali, akulandira moni ngati mwini ukwati.

Atamaliza masiku ake a pa mphasa, Araba anatsegulanso okala. Makasitomala anachuluka kuposa kale, ena kuchokera ku Mankessim ndi ku Anomabo, onse akufuna ngati la Egya Ato. Amawapatsa. Dzina, mpingo, chimene chamutenga. Kope lija sindinalionenso, ndipo nsomba zanga tsopano ndimakulungira m'nyuzipepala ngati wina aliyense. Anakhala miyezi inayi osandilankhula, kenako tsiku lina anaitanitsa kenke pawindo ngati palibe chinachitika.

Ndinadikira mpaka atameza, ndiye ndinayesa.

"Mnzanga, bwanji ulembenso lija? Mutu wako umasunga za manesi za zaka khumi, ungalephere zako?"

"Ndayesa," anatero, osandiyang'ana.

"Ndiye?"

"Linkabwera ndikamamukalipira. Pano ndikatsegula pakamwa kuti ndimukalipire, mkwiyo palibe. Munthu wanyamula kalata yanga pachifuwa, ndimukalipire chiyani?"

Anapukuta zala pa nsalu, nalowetsa pepala latsopano m'makina. Pakhomo panali pataima kale bambo wina wa maso ofiira, chipewa chili m'manja.

"Lowani, bambo," anatero Araba. "Anali mwamuna kapena mkazi?"